Mbiri ya Filip Konowal, Mlendo Amene Analandira Victoria Cross

Pophunzira za nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, imene makolo athu kuno anaitcha nkhondo ya chiwaya chifukwa cha mfuti zija zolira mosalekeza, timamva kawirikawiri maina a mafumu ndi akazembe, monga Kaiser Wilhelm, Mfumu George V ndi General Haig. Maina a anthu wamba amene anali kugona m'matope ndi kufa m'maenje sitiwamva kawirikawiri. Tsono m'nkhani ino tifuna kufotokozera anzathu za mmodzi wa anthu wambawo. Iye anali wosema miyala ndiponso wodula mitengo, munthu wosadziwa bwino Chingerezi, amene anamenyera nkhondo dziko limene sanabadwiremo. Dzina lake ndiye Filip Konowal.

Ubwana wake

Konowal anabadwa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1880 m'mudzi wa Kutkivtsi, m'dera la Podolia, m'dziko limene lero tilitcha Ukraine. Masiku amenewo anthu a ku Ukraine analibe boma laolao. Dziko lao linali logawika pakati pa maufumu awiri. Mbali yaikulu ya kum'mawa inali m'manja mwa Tsar, ndiye mfumu ya ku Russia, ndipo mbali ya kumadzulo, ndiyo Galicia ndi Bukovyna, inali m'manja mwa mfumu ya Austria-Hungary. M'dera lakwao kwa Konowal malire a maufumu awiriwo anali mtsinje waung'ono wotchedwa Zbruch. Anthu a tsidya lino ndi a tsidya lija anali a mtundu umodzi ndi chilankhulo chimodzi, koma anali kukhoma msonkho kwa mafumu osiyana. Mudzi wa Konowal unali pafupi ndi mtsinjewo, ku tsidya la Russia. Owerenga asunge chimenechi mumtima, pakuti tidzaona kutsogoloku kuti mtsinje umenewu unaweruza mlandu waukulu pa moyo wake.

Atate wake anali mmisiri wosema miyala, ndipo mnyamatayo anaphunzira ntchito yomweyo pothandiza atate wakewo. Atakula anakwatira, nabereka mwana mmodzi wamkazi. Pambuyo pake anamutenga ku usilikali wa Tsar, monga linali lamulo kwa anyamata a msinkhu wake, nakhala kumeneko zaka 5. Ku usilikaliko anadziwika ndi luso lomenyana ndi mdani pafupi, ndi manja kapena ndi mpeni wa kumfuti, kotero kuti anamuika kukhala wophunzitsa anzake.

Atatuluka usilikali anaona kuti kumudzi kulibe ndalama. Choncho ananka ku Siberia kukadula mitengo m'nkhalango. Ali komweko analembedwa ntchito yokadula mitengo ku Canada. Anakwera sitima ya pamadzi pa doko la Vladivostok, naoloka nyanja yaikulu ya Pacific, nafika ku Vancouver mu April 1913. Mkazi wake ndi mwana wake anatsala kumudzi ku Kutkivtsi.

Alendo m'dziko la Canada

Konowal sanali woyamba wa mtundu wake kufika ku Canada. Kuyambira chaka cha 1891 anthu a ku Ukraine anali kufika m'dzikomo ambirimbiri, chifukwa boma la Canada linali kufuna alimi oti akatsegule minda ku zigwa za kumadzulo. Pofika 1914 anali atafika ngati 170,000. Ambiri a iwo anachokera ku Galicia ndi Bukovyna, ndiko kunena kuti mapepala ao anali a Austria-Hungary. Ena anali kulima tirigu ku Manitoba, Saskatchewan ndi Alberta, ena anali kuyala njanji, ena anali kukumba m'migodi.

Ntchito ya mitengo sinakhalitse, pakuti m'zaka za 1913 ndi 1914 malonda anagwa m'Canada ndipo anthu ambiri anachotsedwa ntchito. Konowal anayenda chakum'mawa kufuna maganyu, mpaka anafika ku Ottawa, likulu la dzikolo.

Pamenepo nkhondo inabuka mu August 1914. Canada inalowa nkhondoyo pamodzi ndi Britain, ndipo Austria-Hungary inali mbali ya Germany. Tsiku limodzi lokha linasandutsa alimi ndi antchito aja a ku Galicia kukhala adani pamaso pa boma. Mwa lamulo lotchedwa War Measures Act, anthu ngati 80,000 anawalamula kuti azikaonekera ku polisi nthawi ndi nthawi. Anthu 8,579 anawatsekera m'misasa 24 yozingidwa ndi waya waminga, ndipo mwa amenewa ngati 5,000 anali a ku Ukraine. M'misasa monga ya Kapuskasing, Spirit Lake ndi Castle Mountain anali kugwetsa nkhalango ndi kulima miseu m'chisanu choopsa, kulandira masenti 25 pa tsiku. Misasa yotsiriza inatsekedwa mu 1920, nkhondo itatha kale.

Konowal sanamugwire, chifukwa anabadwira ku tsidya la Russia la mtsinje wa Zbruch, ndipo Russia inali bwenzi la Britain. Akanabadwa mtunda wochepa chabe kumadzulo, bwenzi ali mkati mwa waya pamodzi ndi abale akewo. M'malo mwake, pa 12 July 1915, analembetsa usilikali ku Ottawa m'gulu lotchedwa 77th Battalion. Msilikali wamba wa Canada anali kulandira dola imodzi ndi masenti 10 pa tsiku. Analiponso ena obadwira ku tsidya la Austria amene anafunitsitsa kulowa usilikali, kotero kuti anali kunama kuti ndi a ku Russia kapena a ku Poland, ena mpaka kusintha maina ao.

Ku nkhondo

Mu June 1916 gulu lake linanyamuka pa doko la Halifax kunka ku England. Kumeneko anamusamutsira ku gulu lina la 47th Battalion, ndipo poona kuti ndi msilikali wozolowera kale anamupatsa ukopolo. M'chaka chomwecho anaoloka kunka ku France. Anamenya nao nkhondo ya ku Somme chakumapeto kwa 1916, ndiponso ya pa Vimy Ridge mu April 1917, pamene asilikali a Canada analanda chitunda chimene ena analephera kuchilanda.

M'mwezi wa August 1917 asilikali a Canada anawatuma ku Lens, mzinda wa migodi ya malasha kumpoto kwa France, umene Ajeremani anali atakhalamo kuyambira 1914. Cholinga chinali chakuti Ajeremani atanganidwe pamenepo, asatumize asilikali ao ku nkhondo ina yaikulu imene inali kuchitika pafupi ndi Ypres m'dziko la Belgium. Kazembe wa asilikali a Canada, General Arthur Currie, anaona kuti kulowa mumzindamo choyamba kukatha anthu ake, chifukwa adani akanawaombera ali pamtunda. Tsono anapempha akulu ake kuti ayambe walanda kaphiri ka kumpoto kwa mzindawo. Kaphiriko kanali kutchedwa Hill 70, chifukwa pa mapu kanalembedwa kuti n'kotalika mamita 70 kuchokera pa nyanja.

M'bandakucha wa pa 15 August anakwera kaphiriko nakalanda. Ajeremani anabweranso ka 21 m'masiku anayi kufuna kukalandanso, ndi mizinga, ndi mfuti zolavula moto, ndiponso ndi mpweya wa poizoni umene unali kutentha khungu ndi kuchititsa khungu m'maso. Koma sanathe kuwachotsa. Pambuyo pake, kuyambira pa 21 August, asilikali a Canada anayesa kulowa m'mphepete mwa mzinda weniweniwo, ndipo apa ndi pamene gulu la Konowal linakumana ndi zoopsa.

Nyumba za anthu a m'migodi zinali zitagumuka ndi mizinga, koma zipinda zake za pansi pa nthaka zinali zikadali zolimba. M'menemo Ajeremani anali kubisala pamodzi ndi ziwaya zao. Asilikali akadutsa, adaniwo anali kutuluka ndi kuwaombera kumsana. Chifukwa chake panali kufunika timagulu tating'ono totsatira pambuyo, tolowa m'chipinda chilichonse ndi m'dzenje lililonse kuonetsetsa kuti mulibe mdani. Inali ntchito imene asilikali onse anali kuiopa, pakuti munthu anali kutsika mumdima osadziwa kuti muli angati. Kopolo Konowal anapatsidwa kagulu kotere kuti akatsogolere.

Zimene anachita pakati pa 22 ndi 24 August zinalembedwa m'kalata ya boma la Britain yotchedwa London Gazette. M'chipinda china cha pansi anabaya adani atatu iye yekha ndi mpeni wa kumfuti. M'dzenje lina lokumbika ndi bomba anapezamo adani 7, nawagwera yekha, nawapha onse. Atafika pamalo pamene anawatuma, anapeza kuti chiwaya china chatsekereza anzao a kudzanja lamanja ndipo chili kupha ambiri. Iye anathamangira komweko, nalowa m'linga lake, napha amene anali kuchiombetsa, nanyamula chiwayacho kubwera nacho kwa anzake. M'mawa mwake anapitanso yekha ku linga lina la chiwaya, napha atatu, naphwanya chiwayacho pamodzi ndi linga lake ndi zophulika. Onse amene anawapha ndi dzanja lake m'masiku amenewo sanachepere 16. Sanaleke mpaka pamene chipolopolo chinamulasa kumaso ndi pakhosi, namunyamula ali wovulala kwabasi.

M'masiku 10 a nkhondo ya Hill 70, asilikali a Canada ophedwa, ovulala ndi ogwidwa anali pafupifupi 9,000. Amuna 6 analandira Victoria Cross chifukwa cha nkhondo imeneyo, ndipo Konowal anali mmodzi wa iwo.

Mendulo imeneyi inayambitsidwa ndi Mfumukazi Victoria mu 1856, chakumapeto kwa nkhondo ya ku Crimea, ndipo iposa mamendulo ena onse a nkhondo a ku Britain. Ndi kamtanda ka mkuwa kopachika pa kansalu kofiira. Saipereka poyang'ana udindo wa munthu kapena mtundu wake, koma kulimba mtima kwake pamaso pa mdani. Konowal anailandira m'manja mwa Mfumu George V ku London chakumapeto kwa 1917. Palibe munthu wina wa mtundu wa Ukraine m'Canada amene anailandirapo.

Atachira pang'ono anagwira ntchito yothandiza pa ofesi ya kazembe wa Russia ku London. Pambuyo pake ananka ku Siberia pamodzi ndi asilikali a Canada amene anatumizidwa kumeneko m'chaka cha 1918, pa nthawi ya nkhondo ya pachiweniweni ya ku Russia. Kotero anapondanso pa doko la Vladivostok, pamene anakwerera sitima zaka 5 zapitazo. Koma kuchokera pamenepo kukafika ku Kutkivtsi ndi ulendo wodutsa Siberia yense, ndipo njira yonseyo inali m'nkhondo. Anabwerera ku Canada mu June 1919 osaona banja lake, natuluka usilikali mwezi wotsatirawo.

Tsoka la ku Hull

Pa 19 July 1919 mzinda wa Ottawa unachita chikondwerero cha mtendere, ndipo Konowal ndiye anatsogolera mdipiti wa asilikali akale m'miseu, anthu ali kuomba m'manja. Tsiku lotsatira lomwelo anaoloka mtsinje wa Ottawa pamodzi ndi mnzake kunka ku Hull, kwa munthu wina wogulitsa njinga ndi mowa wozembetsa. Kumeneko kunabuka ndeu pakati pa mnzakeyo ndi mwini nyumba. Konowal pofuna kulanditsa mnzake anatola mpeni, nabaya mwini nyumbayo pachifuwa, ndipo munthuyo anafa. Konowal sanathawe, ndipo apolisi anamugwira.

Apa tiyenera kuima pang'ono ndi kuganiza. Dzanja lomwelo limene linapha anthu 16 ku Lens nililandira ulemu wa mfumu, linapha munthu mmodzi ku Hull nilimangidwa unyolo. Boma ndilo linamuphunzitsa kubaya mosazengereza, choyamba boma la Tsar, kenaka la Canada. Nkhondo itatha anamupatsa chikalata chotulukira usilikali, koma panalibe amene anamuphunzitsa kuleka. Sitinena ichi kuti tichepetse mlanduwo, pakuti wophedwa ku Hull anali munthu, ndipo anali ndi omulira, monganso anyamata aja a ku Germany anali ndi amai ao.

Asilikali anzake akale sanamutaye. Anasonkha ndalama za belo ndi zomupezera womuimira pa mlandu. Mlanduwo unazengedwa mu 1921. Madokotala anachitira umboni kuti bala lija la ku Lens linaononga m'mutu mwake, kotero kuti nthawi zina nzeru zinali kumuchokera. Bwalo linagamula kuti alibe mlandu wakupha chifukwa anachita ali wosokonezeka mutu, ndipo mu April 1921 anamutsekera m'chipatala cha odwala misala cha Saint-Jean-de-Dieu ku Montreal. Anakhala wotsekeredwa zaka 7. Makolo athu anati wamisala anaona nkhondo. Iwo anali kutanthauza zina, koma pa Konowal mau amenewa anakwanira monga momwe alili.

Wosesa m'nyumba ya malamulo

Anatuluka mu 1928 atachira, koma wopanda ndalama ndi wopanda ntchito, ndipo chaka chotsatira malonda anagwa pa dziko lonse lapansi. Za kwao nazo zinali zomvetsa chisoni. Mudzi wake tsopano unali m'dziko la Soviet Union. M'zaka za 1932 ndi 1933 boma la Stalin linalanda alimi a ku Ukraine minda ndi tirigu wao, ndipo kunagwa njala yaikulu yotchedwa Holodomor, imene inapha anthu mamiliyoni. Konowal anamva kuti mkazi wake wamwalira. Mwana wake uja, amene anamusiya ali wamng'ono mu 1913, sanamuonenso mpaka imfa. Mu 1934 anakwatira mai wina wamasiye wolankhula Chifalansa wa ku Hull, nalera ana aamuna awiri a maiyo ngati akeake.

Amene anamuthandiza kupeza ntchito anali Milton Gregg, msilikali mnzake amene nayenso analandira Victoria Cross chifukwa cha kulimba mtima kwake mu 1918. Gregg anali mkulu wosungitsa mwambo m'nyumba ya malamulo ya Canada, ndipo anamupezera Konowal ntchito yosesa ndi kukolopa m'nyumbamo. Tsiku lina nduna yaikulu ya dzikolo, William Lyon Mackenzie King, inaona munthu ali kukolopa pansi, pa malaya ake pali kansalu kofiira ka Victoria Cross. Itamva mbiri yake inalamula kuti Konowal akhale wosamalira chipinda cha nambala 16, ndicho ofesi ya nduna yaikuluyo, ndi kuti ntchitoyo ikhale yake moyo wake wonse.

Ena anaona kuti n'zamanyazi kuti ngwazi yotere igwire chikolopa. Mwini wake sanachite nazo manyazi. Anthu akamufunsa anali kuyankha moseka, kufanizira ntchito yake ya tsopano ndi ija yoyeretsa zipinda za pansi ku Lens. Anagwira ntchitoyo mokhulupirika zaka zoposa 20. Mu 1939, pamene Mfumu George VI inacheza ku Ottawa, Konowal anali pakati pa asilikali akale amene anaonana nayo.

M'nkhondo yachiwiri ya 1939 mpaka 1945 zinthu zinali zitasintha. Ana a anthu aja amene kale anali kutchedwa adani analowa usilikali wa Canada zikwi zambiri, pamtunda, panyanja ndi mumlengalenga, popanda kubisa maina ao. Mu 1943 anayambitsa bungwe lao ku England, lotchedwa Ukrainian Canadian Servicemen's Association, limene linali ndi nyumba yochezeramo ku London. Atabwerera kwao anakumbukira nkhalamba ija yosesa ku Ottawa. Mu 1953 nthambi ya nambala 360 ya bungwe la asilikali akale la Royal Canadian Legion ku Toronto inamusankha kukhala mkulu wao waulemu, ndipo inadziwika ndi dzina lake. Mu 1956, pokumbukira kuti Victoria Cross yakwanitsa zaka 100, onse amene anailandira anaitanidwa ku London. Malipiro a wosesa sakanakwanira zofunika pa ulendo wotere, koma asilikali akale a mtundu wake anamusonkhera ndalama, ndipo mu June chaka chimenecho anaima m'bwalo la Hyde Park pamaso pa Mfumukazi Elizabeth II pamodzi ndi anzake ochokera m'maiko ambiri.

Filip Konowal anamwalira ku Hull pa 3 June 1959, atakwanitsa kale zaka 70. Mwambo wa maliro unachitikira m'tchalitchi cha Akatolika a ku Ukraine cha St. John the Baptist, ndipo anamuika ndi ulemu wa usilikali m'manda a Notre Dame ku Ottawa.

Pambuyo pa imfa yake

Ngakhale mendulo yake inali ndi ulendo wakewake. Nyumba yosungiramo zakale za nkhondo ya Canadian War Museum inaipeza mu 1969, koma patapita zaka zochepa inasowa. Kwa zaka ngati 30 panalibe wodziwa kumene ili. Mu 2004 inaonekera pa malonda mumzinda wa London wa ku Ontario, ndipo apolisi a Royal Canadian Mounted Police anailanda naibwezera ku nyumba yosungiramo zakaleyo mu August chaka chomwecho.

Dzina lake nalo linali litayamba kuiwalika, koma anthu a mtundu wake ku Canada analidzutsanso. Anaika zikwangwani za mkuwa zofotokoza mbiri yake ku Ottawa, ku Toronto ndi ku New Westminster. Ukraine atalandira ufulu wodzilamulira mu 1991, njira ya kumudzi inatseguka, ndipo m'chaka cha 2000 anamuimikira chikumbutso ku Kutkivtsi, mudzi umene iye anauchoka osabwererako. Mu 2005 anaika chikwangwani china ku Lens. M'chaka chomwecho nyumba ya malamulo ya Canada, ija anali kuikolopa, inakhazikitsa lamulo lovomereza za anthu a ku Ukraine amene anatsekeredwa m'misasa kuyambira 1914 mpaka 1920. Ndipo mu 2017, nkhondo ya Hill 70 itakwanitsa zaka 100, anatsegula chikumbutso pafupi ndi kaphiri kaja, pamene pali njira yotchedwa ndi dzina la Konowal.

Anzathu owerenga, m'mbiri imeneyi muli zotiphunzitsa zingapo. Choyamba, mlendo sitimuyesa ndi pepala limene wanyamula, pakuti Konowal ndi anthu aja a m'misasa anali amodzi, ndipo chinawasiyanitsa ndi mtsinje wa Zbruch basi. Chachiwiri, msilikali akabwera ku nkhondo afunika kusamalidwa, chifukwa mabala ena saoneka ndi maso. Akanamuyang'anira Konowal bwino mu 1919, kapena munthu uja wa ku Hull sakanafa. Chachitatu, palibe ntchito yonyozeka. Ife amene timang'ung'udza ikafika nthawi yathu yosesa m'kalasi, tizikumbukira kopolo uja wa ku Lens amene anagwira tsache ndi chikolopa zaka zoposa 20, kansalu kofiira kali pachifuwa.